PHUNZIRO 6: WOLIMA NDANI, WODYA NDANI? MAGULU A ANTHU KU ENGLAND WAKALE

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pakutha pa phunziroli tifuna kuti aliyense wa ife athe:

1. kufotokoza m'mene anthu a ku England adagawidwira m'magulu zaka zoposa 900 zapitazo;
2. kutsogolera achinyamata a mu mphakati pa sewero la mtedza, limene lionetsa magulu amenewa;
3. kuzindikira chimene chimachitika m'dziko ngati malo ndi bwalo la milandu zili m'manja mwa munthu mmodzi.

MAU OYAMBA

Abale ndi alongo, m'maphunziro athu timakamba kawirikawiri za ufulu wachibadwidwe ndiponso kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa lamulo. Mau amenewa ndi osavuta kuloweza. Koma mwana amene sadaonepo dziko lopanda ufulu umenewu sadziwa mtengo wake. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nchifukwa chake m'phunziro lino sitingowauza achinyamata mbiri yakale ayi. Tiwapatsa ntchito yogwira ndi manja ao, kuti kupanda chilungamo akumve m'thupi asanakutchule ndi pakamwa.

Chitsanzo chathu tachitenga ku England, kuyambira chaka cha 1066. Dongosolo la nthawi imeneyo akatswiri a mbiri amalitcha feudalism. Tanthauzo lake mwachidule ndi ili: munthu amalandira malo kwa wamkulu wake, ndipo amalipira malowo ndi utumiki.

1. MALO ONSE NDI A MFUMU

Pa 14 Okotobala 1066, William wa ku Normandy adagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings nalanda ufumu wa England. Iye adatenga dziko lonselo ngati lake, nayamba kuligawa kwa amene adamuthandiza pa nkhondo. M'chaka cha 1086 adatuma anthu kuti akalembe malo, ziweto, zigayo ndi anthu a m'midzi, kuti adziwe chuma cha dziko lake ndi msonkho umene angatolere. Kaundula ameneyu amatchedwa Domesday Book, ndipo adakalipo mpaka lero. Muli maina a malo oposa 13,000.

Kaundulayu aonetsa kuti mfumu idadzisungira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a dziko. Eklezia, ndiye kuti maepiskopi ndi nyumba za amonke, adali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4. Lotsalalo, pafupifupi theka la dziko lonse, lidali m'manja mwa nduna zikuluzikulu zotchedwa mabaroni, ndipo zikuluzikulu zenizeni zidali ngati 200 chabe.

Malowa sadali mphatso yaulere. Wolandira ankagwada, nkuika manja ake pakati pa manja a bwana wake, nkulumbira kuti adzakhala munthu wake. Baroni aliyense, ngakhalenso episkopi wokhala ndi malo, ankayenera kupereka kwa mfumu asilikali a pa kavalo. Mwa chizolowezi msilikali wotere ankatumikira masiku 40 pa chaka. Tsono kuti apeze asilikaliwo, baroni ankagawanso malo ake: msilikali aliyense mudzi wake kapena midzi yake, pamodzi ndi anthu okhalamo.

2. AMENE ADALI PANSI PA ONSE

Anthu ambiri, pafupifupi 9 mwa 10 aliyense, adali alimi. Ena adali mfulu. Koma ochuluka adali alimi omangika, amene m'Chingerezi ankatchedwa villeins kapena serfs. Mlimi womangika sadali kapolo wogulitsidwa pamsika, komabe sadali mfulu. Iye ndi ana ake adali ngati gawo la mudzi wa bwana. Mudzi ukapita kwa bwana wina, iwonso apita nao.

Banja lopezako bwino linkalima maekala ngati 30, ambiri ankalima theka la pamenepa kapena kucheperapo. Zokolola zidali zochepa: thumba limodzi la mbewu ya tirigu linkabala matumba 3 kapena 4 okha. Pa zochepazo mlimi adali ndi ngongole izi:

(a) Kulima m'munda wa bwana masiku 2 kapena 3 pa sabata, popanda malipiro. Nthawi yokolola masikuwo ankaonjezeka, pamene tirigu wake wa mlimiyo akudikira kumunda.
(b) Kugayitsa pa chigayo cha bwana chokha, nkusiyako gawo la ufa.
(c) Kulipira bwana pofuna kukwatitsa mwana wake wamkazi.
(d) Mwini banja akamwalira, bwana ankatenga chiweto chabwino koposa cha m'khola.
(e) Kupereka chakhumi kwa Eklezia.
(f) Kusachoka m'mudzi popanda chilolezo cha bwana.

Apa tiyenera kuimapo pang'ono. Mlimi akadandaula za masiku a ntchito kapena za munda wake, mlandu unkapita ku bwalo la mudzi, ndipo mwini bwalolo adali bwana yemweyo. Mabwalo a mfumu sankamva dandaulo la mlimi womangika lotsutsana ndi bwana wake pa nkhani za malo. Mwini munda, wolemba ntchito ndi mwini bwalo adali munthu mmodzi. Chimene chinkamuteteza mlimi chidali mwambo wa mudzi wokha basi.

Anthu ophunzira a nthawi imeneyo ankaphunzitsa kuti dziko lili ndi magulu atatu: opemphera, omenya nkhondo ndi ogwira ntchito. Mmodzi wa iwo adali Adalbero, episkopi wa ku Laon ku France, m'zaka za m'ma 1020. Ankati gulu lililonse litumikira anzake: wansembe apempherera onse, msilikali ateteza onse, mlimi adyetsa onse. Kumva kokha, mauwa ndi okoma. Funso lathu ndi lakuti: kodi katunduyo adagawidwa mofanana?

3. SEWERO LA MTEDZA

Seweroli lakonzedwa kuti lichitidwe ndi anthu 28, a zaka 12 kupita m'tsogolo. Ngati alipo ochepa, tichepetse magulu onse, koma alimi akhalebe ochuluka koposa. Litenga maora awiri.

Zofunika: lichero la mtedza wosaswa, mbale kapena zitini zokwanira aliyense, timapepala 28, chipewa, mpando umodzi, benchi, mphasa, makala kapena choko, ndi pepala lalikulu.

Gawo loyamba: kubadwa

Pa timapepala tilembe motere: Mfumu 1, Baroni 2, Episkopi 1, Msilikali 6, Mlimi 18. Tipinde timapepalato, tiike m'chipewa, ndipo aliyense atole kamodzi. Palibe kusinthana. Mtsogoleri asasankhe mfumu poona nzeru kapena msinkhu. Maere ndiwo mtima wa phunziroli, pakuti m'dongosolo lija udindo wa munthu unkachokera m'nyumba imene adabadwiramo.

Mfumu ikhale pampando pamthunzi. Mabaroni ndi episkopi akhale pabenchi, asilikali pamphasa, alimi pansi. Aliyense wa pabenchi alandire asilikali 2, ndipo msilikali aliyense alandire alimi 3.

Gawo lachiwiri: kugawa dziko

Mfumu ijambule pansi malire a dziko lake, nkugawa zigawo kwa atatu a pabenchi. Aliyense agwade, aike manja ake pakati pa manja a mfumu, nkulonjeza kuti adzaitumikira. Asilikali achite chimodzimodzi kwa mabwana ao. Alimi asapatsidwe mwai wolankhula. Angolozeredwa pokhala.

Gawo lachitatu: ntchito

Mlimi aliyense aswe mtedza mpaka apeze njere 20. Wina aliyense asagwire ntchitoyi. Alimi asadye ngakhale njere imodzi. Onse pamodzi apeza njere 360.

Gawo lachinai: kupereka

Mtsogoleri alengeze malamulo limodzilimodzi, osafulumira.

Mlimi aliyense aike njere 2 m'mbale ya Eklezia. Ichi ndi chakhumi.
Apereke njere 6 kwa msilikali wake. Awa ndi masiku olima m'munda wa bwana.
Aperekenso njere 2 kwa msilikali yemweyo. Izi ndi za chigayo ndi zindapusa.
Apatule njere 5 za mbewu ya chaka chamawa.
Atsala ndi njere 5.

Msilikali aliyense walandira njere 24. Asunge 10, apereke 14 kwa bwana wake. Aliyense wa pabenchi walandira 28. Asunge 16, apereke 12 kwa mfumu. Mfumu ili ndi 36, ndipo m'mbale ya Eklezia mulinso 36.

Tsopano onse aike mbale zao poyera, mwandondomeko: 5, 10, 16, 36. Tikhale chete kamphindi kuti maso aone okha. Kenaka mtsogoleri alole onse kudya zimene zili m'mbale zao, kupatula mbewu.

Tiwauze achinyamata momveka kuti manambalawa ndi a sewero lathu chabe. Sadatengedwe m'kaundula wa nthawi imeneyo. Ndiponso msilikali sankatumiza tirigu kwa baroni. Ankapereka utumiki wa nkhondo ndi ndalama pa nthawi zina, monga polowa m'malo mwa bambo wake. Njere zokwera m'mwambazo zikuimira utumiki ndi ndalama zimenezo.

Gawo lachisanu: mlandu

Mlimi mmodzi adandaule kuti njere 6 zija zachuluka. Mtsogoleri amuuze kuti akanene ku bwalo, ndipo woweruza akhale msilikali yemwe walandira njerezo. Tisamuuze msilikaliyo zoyankha. Ena amachita chifundo, ena amalipiritsa chindapusa. Zonsezi ndi phunziro, chifukwa ngakhale wachifundoyo wachita mwa kufuna kwake. Palibe lamulo lomukakamiza.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mliri

M'zaka za 1348 ndi 1349 mliri woopsa wotchedwa Black Death udapha anthu ku England, pakati pa gawo limodzi mwa magawo atatu ndi theka la anthu onse. Tichitenso maere: alimi 9 achoke m'bwalo. Asilikali akufunabe njere zao. Tsopano tiwalole alimi otsala kuyankha, kukambirana mtengo, ndi kusamukira kwa msilikali amene akulonjeza zabwino. Pakapita mphindi 10, mfumu ilamule kuti malipiro abwerere m'mene adaliri kale ndipo wokana alangidwe. Izi ndi zimene zidachitikadi m'malamulo a 1349 ndi 1351.

Gawo lotsiriza: chikalata

Onse achoke pa mipando yao, akhale mozungulira pansi. Pa pepala lalikulu alembe malamulo 5 amene akadafuna kuti dziko lao liyendere. Lamulo la mtsogoleri ndi limodzi lokha: akatha kulemba, maere achitikanso, ndipo palibe akudziwa gulu limene adzagweremo. Tidzaona kuti ngakhale amene adali mfumu ayamba kusamala za mbale ya mlimi.

4. MAKWERERO AJA ADAGWA BWANJI?

Sadagwe tsiku limodzi. Pa 15 Juni 1215, pamalo otchedwa Runnymede, mabaroni adakakamiza mfumu John kuvomera chikalata chotchedwa Magna Carta. Arkiepiskopi Stephen Langton wa ku Canterbury adathandiza pa zokambiranazo. Chikalatachi chidaika mfumu pansi pa lamulo, nkuletsa kumanga mfulu popanda chiweruzo choyenera. Papa Innocent III adachithetsa patangopita miyezi iwiri, koma chidatulutsidwanso mu 1216, 1217 ndi 1225. Tizindikire kuti chitetezo chimenechi chidali cha mfulu. Mlimi womangika sadapindule nacho kwenikweni. Akuluakulu adadzimasula okha ku nkhanza za mfumu, osamasula a pansi pao.

Alimi adadzilankhulira okha mu Juni 1381. Atatopa ndi msonkho wa pamutu, umene udatoleredwa katatu m'zaka zinai, anthu a ku Kent ndi Essex adalowa mu London motsogozedwa ndi Wat Tyler. Pakati pao padali wansembe, John Ball, amene ankalalika kuti Mulungu sadalenge ena kukhala mabwana ndi ena akapolo. Mfumu Richard II, mnyamata wa zaka 14, adakumana nao ku Mile End nalonjeza kuwamasula. Koma oukirawo adakhetsa mwazi, napha Arkiepiskopi Simon Sudbury ndi ena. Tsiku lotsatira Tyler adaphedwa ku Smithfield. Malonjezo onse adabwezedwa, ndipo John Ball adanyongedwa mu Julaye chaka chomwecho.

Kuukirako kudalephera, komabe zinthu sizidabwerere m'mbuyo. Antchito adali ochepa, minda yambiri. Mabwana adaona kuti kubwereketsa malo ndi ndalama kuli bwino kusiyana ndi kukakamiza anthu othawa. Pofika chaka cha 1500 alimi omangika adatsala ochepa ku England. Ku France maudindo otere adathetsedwa mu 1789, ndipo ku Russia alimi omangika adamasulidwa mu 1861.

5. EKLEZIA ADALI MBALI ITI?

Achinyamata adzafunsa funso limeneli akaona mbale ya njere 36, ndipo tisalithawe. Nyumba za amonke zinkasamala odwala, kulandira alendo, kudyetsa osauka ndi kusunga maphunziro. Mwana wa mlimi ankatha kukwera kudzera mu unsembe, ngakhale kuti ankayenera kuyamba walandira chilolezo cha bwana. Koma maepiskopi ndi amonke adalinso eni malo, okhala ndi alimi ao omangika.

Ku St Albans kudali mkangano wa zaka zambiri pakati pa amonke ndi anthu a m'tauni pa nkhani ya chigayo. Anthu ankafuna kupera okha kunyumba. M'zaka za m'ma 1330 mkulu wa amonke, Richard wa ku Wallingford, adawalanda mphero zao naziyala pansi m'chipinda cholandirira alendo. Mu 1381 anthuwo adalowa, nazula miyalayo, naiphwanya nkugawana zidutswa. Taganizani, patapita zaka 50 adali asanaiwale mphero za makolo ao. Nkhaniyi itiphunzitsa kuti aliyense wogwira malo ndi mphamvu, kaya avala zotani, afunika lamulo lomuletsa.

6. NANGA KWATHU KUNO?

Agogo athu a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Zomba ndi Blantyre adaona zofanana ndi zimenezi. Mau akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana. Koma malo aakulu atagwa m'manja mwa atsamunda m'zaka za m'ma 1890, anthu okhala pa maesiteti adayamba kulipira pokhala pao ndi ntchito. Nkhanza za thangata pa esiteti ya ku Magomero zidali chimodzi mwa zifukwa zimene Mbusa John Chilembwe adaukira mu Januwale 1915. Thangata adathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Malamulo oyendetsera dziko lathu a 1994, mu gawo 27, aletsa ukapolo, ntchito yokakamiza, ndi ntchito yomangirira munthu ngati kapolo. Gawo 20 liletsa tsankho, ngakhale lotengera kubadwa kapena chuma cha munthu.

7. MALANGIZO KWA MTSOGOLERI

(a) Osalola kumenyana, kutukwana kapena kunyozana. Mlimi wa m'sewero si wochepa.
(b) Mwana amene akuoneka kuti seweroli lamukhudza kwambiri, mwina kaamba ka umphawi wa kwao, timupatse ntchito yothandiza kuwerenga njere.
(c) Seweroli silonyoza mafumu athu a m'midzi. Wolima pa malo a makolo ake ndi mfulu, ndipo mfumu yathu imaweruza pamodzi ndi nduna zake pabwalo poyera.
(d) Tiwauze kuti makwerero athu ndi chithunzi chofupikitsa. Akatswiri monga Elizabeth Brown mu 1974 ndi Susan Reynolds mu 1994 adachenjeza kuti moyo weniweni sudali wandondomeko chotere. Padali amalonda, amisiri, alimi aufulu ndi amai okhala ndi malo aoao, ndipo dera lililonse lidali ndi mwambo wake. Mau akuti feudalism adabwera pambuyo pake, eni akewo sankawadziwa.
(e) Potsiriza tisonkhanitse mtedza wotsala, tikazinge, onse adye mofanana. Wina asapite kwao akadali mfumu kapena mlimi womangika.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Inu amene mudali alimi, mudamva bwanji popereka njere zimene mudaswa nokha? Nanga inu a pampando ndi pabenchi, mudamva bwanji pozilandira?
2. Msilikali ankati ateteza alimi. Kodi chitetezo chimenechi chidali choyenera mtengo wake? Nanga mlimi akadatha kuchikana?
3. Chidalakwika nchiyani pa mlandu uja? Chifukwa chiyani woweruza sayenera kukhala mwini nkhani?
4. Magna Carta idateteza ena nkusiya ena. Kodi m'dera lathu alipo amene lamulo limawatchula koma siliwafika? Tiganizire antchito a m'nyumba, aganyu, amai amasiye ndi ana olemba ntchito yoweta ziweto.
5. Malamulo amene tidalemba tisanadziwe gulu lathu, akusiyana bwanji ndi amene tikadalemba tili pampando?

ZOTI TICHITE

Mphakati uliwonse usankhe anthu awiri, bambo ndi mai, oti atsogolere seweroli mwezi uno. Chikalata chimene achinyamata alemba chikapachikidwe pamalo athu osonkhanira, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzachiyerekeze ndi gawo 20 ndi gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko. Tiitanenso agogo amene adaona kapena kumva za thangata kuti adzafotokozere achinyamata. Ndipo aliyense wa ife amene ali ndi wantchito kapena waganyu, apite kwao akawerenge bwino njere zimene zimatsala m'mbale ya munthu ameneyo.